Kabuleta ya aluminiyamu sifuna soda: katsukidwe kake pomanganso injini

Injini zambiri zimene zimabwerera kwa makaniko kuno ku Salima zitangomangidwa kumene, vuto lake silikhala pisitoni kapena maring'i. Mwini wake amakhala atagula zonse zatsopano, mabelingi, masilo, magasketi, walipiranso wobowa silinda, koma kabuleta, chipangizo chosakaniza petulo ndi mpweya zisanalowe m'injini, anangoipukuta kunja ndi kansanza n'kuibwezera. Wina amachita changu chopitirira, kuiviika mu caustic soda usiku wonse kuti iwale. Ndaziona pa injini za maboti a ku Senga Bay, pa njinga za kabaza za pa Kamuzu Road, pa mapampu othirira mbewu cha ku Lifuwu ngakhalenso pa majenereta a m'mashopu. Matenda ake ndi amodzi.

Kabuleta yotsekeka pang'ono ndi yoopsa kuposa yotsekeka kotheratu. Yotsekeka kotheratu injini siliza, ndiye mumadziwa pomwepo kuti pali vuto. Yotsekeka pang'ono injini imalira, koma imalandira mpweya wambiri ndi petulo wochepa, ndipo imatentha kupyola muyeso. Pa injini ya boti ya two-stroke zimafika poipa msanga chifukwa oilo amalowa limodzi ndi petulo. Petulo akachepa, oilo wachepanso. Pisitoni yatsopano, imene sinazolowerane ndi silinda, imagwira muli pakati pa nyanja. Injini zazikulu zimene zili ndi kabuleta pa silinda iliyonse zimapusitsa kwambiri: silinda imodzi ikhoza kumafa ndi njala zinzake zikuikoka, inu osamva kusintha kwenikweni mpaka itanoka.

Zonyansa za m'kabuleta zili mitundu itatu, ndipo uliwonse uli ndi mankhwala ake. Woyamba ndi utomoni wachikasu kapena wakhofi umene umatsala petulo akaumira mkati. Wachiwiri ndi ufa woyera, nthawi zina wonga phala, umene umamera pansi pa kambale ka petulo ka kunsi kwa kabuleta. Uwu ndi chitsulo chenichenicho chimene chadyeka ndi madzi. Wachitatu ndi mchenga ndi dzimbiri la m'thanki. Ufa woyerawu ndi wofala kuno pa zifukwa zodziwika. Petulo wa m'Malawi amasakanizidwa ndi ethanol kuyambira m'chaka cha 1982, pamene anayamba kumupanga ku Dwangwa, ndipo chibadwa cha ethanol n'chokoka chinyezi cha mumpweya. Mafutawo alibe vuto injini ikamagwira ntchito tsiku ndi tsiku. Vuto limadza ikaima. Chilumba cha Mbenji chikatsekedwa kwa asodzi m'dzinja, kapena mwera ukakana anthu kulowa m'madzi, injini zimagona masabata ambiri petulo ali m'kambale, madzi n'kumasonkhana pansi. Onjezanipo petulo wa m'zigubu wogula m'mbali mwa msewu, amene simudziwa kuti chigubucho chinasungapo chiyani.

Tsopano za soda. Caustic soda, yemweyu amayi amapangira sopo, amatsuka bwino zitsulo zakuda monga bulokho ya chitsulo cha pampu kapena kirankishafuti, n'chifukwa chake amakaniko ena anamuzolowera. Koma aluminiyamu amamusungunula. Mukaponya kabuleta m'madzi a soda, thovu limene mumaona likutuluka si litsiro ayi, ndi mpweya wa hydrogen wochokera ku chitsulo chimene chikudyeka, ndipo mpweya umenewu umayaka ukakumana ndi moto. Kabuleta imatuluka yotuwa kapena yakuda bii, yokhakhala ngati lilime la ng'ombe. Kunjako sikudandaulitsa. Chodandaulitsa n'chakuti soda walowanso m'tinjira ta mkati, wakuza timabowo timene fakitale inaboola mwa muyeso, wadya mazinga omangira majeti (timasikuluu tabowo toyeza petulo wodutsa), wakumba pokhala O-ring (kamphete ka labala koletsa kudontha). Kabuleta yotere simudzaitchunanso n'kukhazikika: lero aidolo (kulira kwa injini musanakoke moto) yakwera, mawa injini ikuzima yokha. Palibe chobwezeretsa chitsulo chimene chapita.

Asidi wa batire ndi mankhwala otsukira zimbudzi zamadzi nazonso zisayandikire. Jiki amaboola timaenje ting'onoting'ono pa aluminiyamu. Sopo wa ufa wochapira zovala ali ndi soda wakewake, ndipo mukawiritsamo kabuleta imada. Viniga ndi mandimu anthu amaziona ngati zofatsa, koma kuviikamo usiku wonse kumachotsa utoto wa zinki pa timasikuluu ndi timikono ta choki (chothandiza kuliza injini yozizira), mawa lake dzimbiri layamba. Dziwaninso kuti si kabuleta iliyonse yooneka yotuwa imene ili ya aluminiyamu. Zambiri za pa njinga ndi majenereta otsika mtengo n'zosakaniza ndi zinki, mumazidziwa ndi kulemera kwake m'manja, ndipo zimenezi asidi amazidya msanga kuposa aluminiyamu. Sitiliwulu ndi mchenga wa kunyanja zisiyireni mapoto. Sitiliwulu amasiya tizitsulo timene timachita dzimbiri mkati, mchenga umabisala m'tinjira n'kudzatuluka injini ikulira, ulendo wa ku silinda yatsopano ija.

Zofunika zenizeni n'zochepa: palafini theka la lita, sopo wamadzi wotsukira mbale, chitini chimodzi cha carb cleaner (mankhwala otsukira kabuleta) yopopera chokhala ndi kapaipi kake, mswachi wakale, kaburashi kopentera, ulusi wa nailoni wa mbedza, mbale zitatu zoyera, nsalu yoyera yoyala pa tebulo, ndi mpweya wa kompuresa kapena pampu ya njinga. Gwirirani ntchito panja pamthunzi, podutsa mphepo, kutali ndi mbaula ndi wosuta fodya. Magalasi oteteza maso musawanyoze. Tinjira ta m'kabuleta timakhota, ndipo mukapopera bowo ili mankhwala amatulukira bowo lina limene laloza kumaso kwanu. Akalowa m'maso, tsukani ndi madzi oyera ambiri kwa mphindi 15 musanachite china chilichonse, kenako pitani kuchipatala. M'manja valani magolovesi a nitrile, chifukwa a labala wamba opyapyala aja amafewa ndi mankhwalawa. Kutsuka ndi petulo ine ndimakana: nthunzi yake ndi yolemera, imayenda pansi mpaka kukapeza moto uli patali.

Musanamasule kanthu, tsekani mabowo ndi tinsanza, tsukani kunja konse ndi palafini ndi kaburashi kuti matope asalowe mkati. Jambulani ndi foni mbali zonse, makamaka pamene pakola timasipuling'i ndi timikono ta choki. Kenako pezani sikuluu ya mikisicha, yotchunira kasakanizidwe ka petulo ndi mpweya pa aidolo, ija ena amati pilot screw. Musayambe ndi kuimasula. Imangeni kulowetsa mkati pang'onopang'ono, mukuwerenga kuti yazungulira kangati mpaka itangogunda, ndipo lembani nambalayo papepala. Kawirikawiri imakhala pakati pa kamodzi ndi katatu. Ikagunda musakakamize, nsonga yake ndi yosongoka ngati singano ndipo imathyokera m'bowo kapena kulikuza. Potulutsa, onetsetsani kuti zatuluka zinthu zinayi: sikuluu, sipuling'i, kawasha ndi ka O-ring, ngati mtundu wanu uli nazo zonse. Kawasha ndi ka O-ring timakonda kutsalira mkati, kenako n'kuuluka ndi mpweya wa kompuresa osationanso.

Masikuluu a makabuleta a ku Japan, monga Keihin ndi Mikuni, mutu wake umaoneka ngati wa sitala wamba koma ndi wa muyeso wina wotchedwa JIS, ndipo ambiri ali ndi kadontho pambali pa mtandawo. Sikuludalaiva ya sitala wamba imaterereka n'kunyenya mutu. Ngati ya JIS mulibe, sankhani imene ikukhala bwino, igogodeni pang'ono kuti ilowe, tsamirani ndi thupi kenako potozani. Pa injini za mtundu wa Honda GX160 ndi zofanana nazo, kambale kamamangidwa ndi bawuti imodzi ya sipanala 10. Pini ya floti, choyandama cha m'kambale chimene chimatseka petulo akadzaza, ikankheni ndi kamsomali kopanda nsonga, chala china chitachirikiza timiyendo timene yapisamo. Timiyendo timeneti n'topyapyala, mukamenya ndi hamala kamodzi kathyoka, kabuleta yonse yatha ntchito.

Majeti ndi a bulasi, chitsulo chofewa. Sikuludalaiva yake izidzaza mpata wonse wa pamutu, m'lifupi ndi m'kunenepa komwe. Ngati palibe yokwana, perani ina pa gilainda mpaka ikwane. Jeti yokanirira musalimbane nayo. Thirani mafuta omasulira zadzimbiri, isiyeni igone, m'mawa thirani madzi otentha pa thupi la kabuleta mozungulira jetiyo. Aluminiyamu amafutukuka kwambiri kuposa bulasi akatenthedwa, ndiye jeti imapeza mpata. Moto wa gasi ayi, m'tinjira mumakhala mudakali petulo. Pamwamba pa jeti yaikulu pali kapaipi ka timabowo tambiri m'mbali, kamene kamasakaniza petulo ndi mpweya. Ambiri amakaiwala chifukwa sikagwa kokha. Kakankheni kuchokera kukhosi kwa kabuleta ndi kamtengo. Timasikuluu tiwiri togwira chitseko cha thirotulo (chotsegulira mpweya mukakoka moto) tisiyeni, nsonga zake anaziphwanya dala ku fakitale kuti tisamasuke n'kumezedwa ndi injini. Tizitsekero tozungulira tokhomerera pa thupi natonso musatizule ngati mulibe tatsopano.

Zonse zikatuluka, gawani patatu. Mbale yoyamba ya labala ndi pulasitiki: ma O-ring, gasketi ya kambale, dayafulamu (kalabala kopyapyala kotambasuka), floti ya pulasitiki, ndi nidulo ya floti (kasingano kotsekera petulo) ngati nsonga yake ndi ya labala. Izi carb cleaner ndi thina zisazikhudze, chifukwa labala amatupa n'kupindika, ndipo dayafulamu yotupa sibwereranso m'malo mwake. Zipukuteni ndi madzi a sopo basi. Mbale yachiwiri ya bulasi. Yachitatu thupi ndi kambale.

Za bulasi ziviikeni mu thina kapena carb cleaner wopopera m'kabotolo kagalasi kotseka, mphindi 30 zikwana pa utomoni wamba. Thupi liviikeni m'palafini kwa ola limodzi, tsukani ndi mswachi, kenako lisamutsireni m'madzi ofunda a sopo wa mbale, masipuni awiri pa malita awiri. Madziwo atenthe pafupifupi madigiri 50 mpaka 60, kutanthauza kuti chala chikhoza kulowa koma osakhalitsa. Muwatenthetsere kutali, mubwere nawo m'ndowa; mbaula isabwere pamene pali palafini. Mphindi 20 kapena 30, mukugwedeza nthawi ndi nthawi. Amene ali ndi makina a ultrasonic (otsuka ponjenjemeretsa madzi), madzi ake ndi omwewa, mphindi 10 mpaka 15, mutembenuze, mubwerezenso. Tsukuluzani ndi madzi oyera kawiri. Mijigo ina ya m'mbali mwa nyanja madzi ake ndi amchere ndipo amasiya zoyera akauma, choncho kutsukuluza komaliza kukhale kwa madzi a mvula osefa kapena madzi a batire ogula m'botolo, osati asidi. Mukangotulutsa, umitsani nthawi yomweyo ndi mpweya n'kuyanika padzuwa. Kabuleta yosiyidwa yonyowa mpaka mawa imameranso ufa woyera uja.

Mpweya wa kompuresa usapitirire mabaa awiri, ndiwo mapaundi 30 pa geji ya opopa matayala. Uzirani mobwerera, kuchokera kumene petulo amatulukira kupita kumene amalowera, kuti chotsekacho chibwerere njira imene chinadzera m'malo mokanikizika pothina. Musauzire kabuleta yomanga, floti imaphwanyika ndipo dayafulamu imang'ambika. Jeti igwireni zolimba kapena muiuzire m'kati mwa nsalu, ikauluka pa mchenga wa kuno mwaitaya. Kuuzira ndi pakamwa, chonde anzanga, tisiye.

Pa majeti m'pamene pamafera makabuleta ambiri m'manja mwa anthu a zolinga zabwino. Nambala yolembedwa pa jeti ya Keihin imanena kukula kwa bowo: 35 ndiye kuti pafupifupi mamilimita 0.35, 72 ndiye 0.72. Mukapisa singano yosokera kapena waya wa kebulo ya buleki m'jeti ya 35 n'kuikuza kufika 0.40, diso silingaone kusiyana, koma malo odutsa petulo akula ndi gawo loposa 30 pa 100 alionse. Zotsatira zake injini ikumwa mafuta, pulagi ikuda, utsi uli tolotolo, ndipo sikuluu ya mikisicha sikumvanso. Chopisa chikhale chofewa kuposa bulasi. Ulusi wa mbedza wa 0.25 kapena 0.30 umalowa bwino m'jeti yaing'ono, ndipo kuno sitisowa. Utomoni ukauma kwambiri, kachingwe kamodzi ka kopa kosolola m'waya wa magetsi wofewa kamathandiza, kongolowetsa ndi kutulutsa, osapala. Mukatha yang'anani jetiyo kudzuwa. Kuwala kuzioneka kozungulira bwino. Kukaoneka ngati mwezi wongotuluka kumene, mbali ina idakali ndi utomoni. Timabowo ta m'mbali mwa jeti yaing'ono ndi ta pa kapaipi kosakaniza petulo ndi mpweya kaja tiwerengeni kamodzikamodzi.

Thupi kuwala kunja si umboni woti layera. Umboni ndi uwu: lowetsani kapaipi ka carb cleaner pamene pamakhala jeti yaing'ono, tsekani ndi chala bowo la sikuluu ya mikisicha ndi bowo la mpweya la kukamwa kwa kabuleta, tsegulani thirotulo, poperani. Mankhwala azituluka mwamphamvu pa timabowo tating'ono kwambiri tili m'khosi pafupi ndi mlomo wa chitseko cha thirotulo. Makabuleta ena ali ndi kamodzi, ena tiwiri kapena titatu, ndipo tonse tizilavula. Kamodzi kakangodontha, bwerezani kuviika. Timabowo timeneti ndi timene timadyetsa injini pa aidolo ndi pamene mukuyamba kukoka moto, ndiye injini imene imalira ndi choki yokha, kapena imene imatsamwa mukangokoka, vuto lake limakhala pamenepa. Chitani chimodzimodzi pa njira ya jeti yaikulu, njira yolowera petulo, njira ya choki ngati ndi ya mtundu wa pulanja, ndi kabowo kopumira kambale. Kabowo kopumiraka mavu amakonda kukamata ndi dothi injini ikakhalitsa pakhonde.

Ufa woyera sumvera carb cleaner, chifukwa si mafuta. Upaleni ndi kamtengo ka nsungwi kosongola ndi mswachi, pothira soda wophikira wosakaniza ndi timadzi kukhala phala. Soda wophikira ndi wofatsa, si mnzake wa caustic uja, komabe mutsukuluze bwino. Pansi pa ufawo mupeza timaenje. Timaenje ta pansi pa kambale tilibe kanthu ngati sitinabowoke. Dzazani kambaleko ndi palafini, kaikeni pa nyuzipepala youma kwa ola, muone ngati pepala lanyowa. Koma timaenje tikakhala pokhala nidulo, pa mazinga a jeti, kapena pamene pamagona O-ring, musataye nthawi. Chimodzimodzi shafuti ya thirotulo ikamagwedera m'mbali: imayamwa mpweya wakuba, ndipo kutsuka sikuchiza zimenezo. Kabuleta ya pampu kapena jenereta ndi yotsika mtengo poyerekeza ndi zimene mwaika m'injini, gulani ina. Mukagula yosakhala ya fakitale, yerekezani manambala a majeti ndi akale aja musanamange, chifukwa kawirikawiri sagwirizana.

Nidulo ya floti iyang'aneni nsonga. Ikakhala ndi mzere wozungulira umene chikhadabo chikuumva, isintheni, apo ayi kabuleta izisefukira. Pokhala pake pukutani ndi kathonje ka m'makutu kopaka mankhwala otsukira mano pang'ono, kenako tsukani bwinobwino. Floti igwedezeni pafupi ndi khutu, mukamva madzi mkati yabowoka. Ya bulasi imizeni m'madzi otentha, pobowoka pamatuluka thovu. Msinkhu wa floti uli ndi muyeso wake pa injini iliyonse. Pa GX160 ndi mamilimita 13.7, ndipo poti floti yake ndi ya pulasitiki yosapindika, muyeso ukaphonya mumasintha floti kapena nidulo. Pa zimene zili ndi kalilime kachitsulo mumapinda kalilimeko pang'ono, kabuleta mutaipendeketsa kuti floti ingokhudza nidulo osaikanikiza.

Pomanga, ma O-ring ndi magasketi akhale atsopano, mupake kadontho ka oilo pa labala kuti asapotoke. Silikoni wa m'chubu asafike pa kabuleta. Petulo amamufewetsa, amanyotsoka tizidutswa, tizidutswato n'kukatseka jeti imene mwavutika nayo tsiku lonse. Majeti amangeni ndi zala zitatu pa sikuludalaiva, akagunda onjezani pang'ono chabe. Mazinga a aluminiyamu akapululuka, kukonza kwake n'kovuta kuposa kugula ina. Sikuluu ya mikisicha ibwezereni pa nambala munalemba ija. Nkhope yomangira ku injini iyeseni pa galasi. Ngati yapindika chifukwa wina anamanga manati mopyola, yalani sandipepa ya 400 yonyowa pa galasipo, perani mozungulira mpaka nkhope yonse itafanana, ndipo mutsukenso kabuleta yonse musanaimange. Manati awiri aja muziwamanga mosinthanasinthana. Labala wolumikiza kabuleta ndi injini pa njinga mupindeni muone ngati ali ndi ming'alu.

Musanaibwezere pa injini, lumikizani paipi ya petulo, dzazani kambale, isiyeni chilili pa nyuzipepala mphindi 10. Ikadontha, gogodani kambale ndi chigwiriro cha sikuludalaiva. Ikapitiriza, tsegulaninso muone nidulo. Kabuleta yoyera yolumikizidwa ku thanki yakuda imatsekekanso tsiku lomwelo, choncho khuthulani thanki, itsukeni, sinthani paipi ngati yauma kapena ikunyenyeka mkati, ikani fyuluta yatsopano. Pa boti onaninso kapampu kofinya ndi dzanja kaja ndi dayafulamu ya pampu ya petulo.

Injini ya two-stroke imene imayendera muyeso wa 50:1 imafuna mamililita 20 a oilo pa lita imodzi ya petulo, ndiye theka la lita pa malita 25. Ikangomangidwa kumene, maola 10 oyamba muwirikize kawiri, 25:1, lita imodzi ya oilo pa malita 25, ndipo musaithamangitse moto wonse. Mikisicha itchuneni injini itatentha, ya boti ili m'madzi kapena m'mgolo, osati pouma. Potozani sikuluu kotala kotala, mukudikira masekondi angapo, mpaka pamene injini ikulira mosalala kwambiri, kenako tsitsani aidolo ndi sikuluu yake. Pa GX160 injini izizungulira pafupifupi ka 1,400 pa mphindi. Ngati mwafika potulutsa sikuluu ya mikisicha kupitirira katatu kuti injini ikhazikike, kabuleta sinayere kapena pali poyamwa mpweya. Mukayenda ola loyamba, zimitsani mumasule pulagi. Yakhofi ndiye bwino, yakuda ya mwaye petulo wachuluka, yoyera mbuu ndiye musayendenso mpaka mutapeza chifukwa.

Palafini ndi thina zotsala musathire m'nyanja kapena pafupi ndi mjigo, ndipo musazisunge m'botolo la zakumwa, ana amamwa. Zisiyeni m'chitini chotseka cholembedwa, litsiro likadikha pansi palafini wapamwambayo adzatsukanso zitsulo zina. Nsanza zonyowa ndi mafuta ziyanikeni panja zotambasula, osaziunjika m'nyumba. Injini ikamaima kupitirira masabata awiri, tsekani tapu ya petulo kapena chotsani paipi, masulani kasikuluu ka pansi pa kambale, petulo yense atsikire m'kachitini, kenako kamangeninso.